Kachidutswa Kamene Kankaoneka Kopanda Vuto: Mbiri ya Maantibayotiki Otha Carnitine M'thupi

Mu 1989, magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza lipoti lochokera mumzinda wa Gothenburg ku Sweden lonena za atsikana 7. Atsikanawa ankadwaladwala matenda a njira ya mkodzo, choncho madokotala ankawamwetsa maantibayotiki tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri kuti matendawo asabwererenso n'kuwononga impso. Mankhwalawo anali osakaniza pivampicillin ndi pivmecillinam, amene pa nthawiyo anali atagwiritsidwa ntchito kwa zaka zoposa 10 m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya ndipo ankadziwika kuti savutitsa odwala. Koma Elisabeth Holme ndi anzake atayeza magazi a atsikanawo, anapeza kuti carnitine, chinthu chimene thupi limafuna kuti lithe kuwotcha mafuta, anali atatsika kufika pa 15 peresenti ya mlingo umene unalipo mankhwala asanayambe. Mwa atsikana awiri amene anamwa mankhwalawo kwa miyezi 15, carnitine wa m'minofu anali atatsala 10 peresenti yokha ya mlingo woyenera.

Chodabwitsa n'chakuti mbali ya mankhwala imene imapha mabakiteriya inalibe mlandu. Vuto linali kachidutswa kamene akatswiri anakalumikiza dala ku antibayotikiyo kuti azilowa bwino m'magazi, kachidutswa kamene aliyense ankakaona ngati chikutiro chongotayidwa. Panapita zaka pafupifupi 20 anthu asanadziwe chimene kachidutswako kankatenga potuluka m'thupi, ndipo panapitanso zaka zina 20 kuti zidziwike bwino kuti ndani kwenikweni amene ali pa chiopsezo.

Chinthu chopezeka mu nyama

Carnitine anapezeka koyamba mu 1905. Asayansi awiri a ku Russia, Gulewitsch ndi Krimberg, anamupatula kuchokera mu msuzi wa nyama wouma, ndipo chaka chomwecho Friedrich Kutscher wa ku Germany naye anamupeza payekha. Dzinali likuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza mnofu. Kwa zaka pafupifupi 50 palibe amene ankadziwa ntchito yake. Yankho linayamba kuonekera pa mphutsi. Gottfried Fraenkel, amene ankaphunzira za mphutsi za kachilombo kodya ufa kotchedwa Tenebrio molitor, anaona kuti mphutsizo zimafa zikasowa chakudya china chimene iye anachitcha vitamini BT. Mu 1952 zinatsimikizika kuti vitamini ameneyo anali carnitine yemweyo. Mu 1955 Irving Fritz anasonyeza kuti carnitine akathiridwa pa timagawo ta chiwindi, mafuta amapsa mofulumira, ndipo m'zaka za m'ma 1960 iye pamodzi ndi ofufuza ena, makamaka Jon Bremer wa ku Oslo, anafotokoza mmene zimenezi zimachitikira.

M'maselo a thupi muli tizigawo totchedwa mitochondria, timene tili ngati ng'anjo zowotchera chakudya kuti chipereke mphamvu. Mafuta ambiri amene munthu amadya kapena kusunga sangathe kulowa okha mu ng'anjo zimenezi. Amayenera kugwirana kaye ndi carnitine, amene amawaolotsa n'kubwerera kudzatenga ena. Munthu akamadya bwino, thupi limadalira kwambiri shuga ndipo kuchepa kwa carnitine sikuoneka msanga. Koma akakhala maola ambiri osadya, kapena akadwala n'kumakana chakudya, shuga wosungidwa m'chiwindi amatha ndipo thupi limatembenukira ku mafuta. Chiwindi chimawotcha mafutawo kuti chipeze mphamvu yopangira shuga watsopano, komanso chimapanga ma ketone amene ubongo umagwiritsa ntchito shuga akachepa. Carnitine akasowa, zonse ziwirizi zimalephereka nthawi imodzi. Shuga wa m'magazi amatsika popanda ma ketone olowa m'malo mwake, ammonia amakwera, mafuta amaunjikana m'chiwindi, ndipo mtima, umene umadalira mafuta kuposa ziwalo zambiri, umafooka kapena kugunda mosalongosoka.

Munthu wamkulu amasunga pafupifupi magalamu 20 a carnitine. Woposa 95 peresenti amakhala m'minofu ndi mu mtima, pamene m'magazi mumakhala wosakwana 1 peresenti. Gawo lalikulu limachokera ku zakudya monga nyama yofiira, mkaka ndi nsomba, ndipo lina thupi limapanga lokha m'chiwindi ndi mu impso kuchokera ku lysine ndi methionine, zomwe ndi tizigawo ta mapuloteni. Impso zimamusamala kwambiri chifukwa zimabweza m'magazi woposa 90 peresenti ya carnitine amene wasefedwa. N'chifukwa chake ngakhale anthu osadya nyama kawirikawiri sadwala ndi vutoli.

Munthu woyamba kupezeka ndi matenda osowa carnitine m'minofu anafotokozedwa mu 1973 ndi Andrew Engel ndi Corrado Angelini ku Mayo Clinic ku America. Chaka chimenechi n'chofunika kuchikumbukira, chifukwa pofika nthawiyo antibayotiki woyamba wotha carnitine anali atapangidwa kale. Amene anamupanga sakanaganizira za matenda amene anali asanadziwike n'komwe.

Nzeru ya ku Denmark

Kampani ya Beecham ya ku England inatulutsa ampicillin mu 1961. Anali mankhwala amphamvu, opha mabakiteriya a mitundu yambiri kuposa penicillin wakale, koma anali ndi chofooka chimodzi. Munthu akamwa piritsi, wosakwana theka ndi amene ankalowa m'magazi. Wotsalayo ankakhala m'matumbo n'kumasokoneza mabakiteriya abwino, ndipo odwala ambiri ankatsegula m'mimba.

Akatswiri a kampani ya Leo ku Ballerup, pafupi ndi Copenhagen, anapeza njira. Mu 1970 von Daehne ndi anzake anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti ampicillin akalumikizidwa ndi kachidutswa kokhala ndi asidi wa pivalic, amasungunuka mosavuta m'mafuta ndipo amadutsa khoma la matumbo bwino kwambiri. Akangodutsa, ma enzyme a m'thupi amadula kachidutswako ndipo ampicillin amatsala payekha n'kuyamba ntchito. Mankhwala atsopanowo anatchedwa pivampicillin. Mu 1972 ofufuza ena a kampani yomweyo, Lund ndi Tybring, analengeza za mecillinam, antibayotiki wamphamvu pa mabakiteriya a Escherichia coli amene amayambitsa matenda ambiri a chikhodzodzo. Mecillinam payekha salowa m'magazi akamwedwa, koma atalumikizidwa ndi kachidutswa komweko anakhala pivmecillinam, amene anadzakhala mankhwala odalirika a matenda a njira ya mkodzo ku Denmark, Norway, Sweden ndi Finland.

Nzeruyi inali yabwino ndipo inathandizadi anthu ambirimbiri. Funso limene silinafunsidwe mokwanira linali lakuti, kachidutswa kodulidwako kamapita kuti? Asidi wa pivalic anasankhidwa chifukwa cha kulimba kwake. Kapangidwe kake n'kothithikana moti thupi silingathe kumuwotcha monga limachitira ndi mafuta ena. Akalowa m'maselo amagwirana ndi coenzyme A, chinthu chofunika kwambiri pa kuwotcha chakudya, n'kukakamira pomwepo. Kuti selo limasule coenzyme A wakeyo, limamupatsira asidiyo kwa carnitine. Zikatero pamapangidwa pivaloylcarnitine, amene impso sizimubweza monga zimachitira ndi carnitine wamba, ndipo amatuluka mu mkodzo. Kachidutswa kalikonse ka asidi kamatuluka katanyamula kachidutswa kamodzi ka carnitine.

Zimene zinapezeka mu mkodzo

Chizindikiro choyamba sichinachokere ku antibayotiki. Mu 1985 Vickers ndi anzake a ku kampani ya Merck ankayesa mtundu watsopano wa methyldopa, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, umene unalinso ndi asidi wa pivalic. Iwo anapeza kuti mwa anthu asidiyo ankatuluka makamaka atagwirana ndi carnitine, pamene mwa anyani gawo lalikulu linkatuluka m'njira ina yosakhudza carnitine. Apa panaoneka chifukwa chimodzi chimene vutoli linabisalira nthawi yaitali: nyama zoyeserapo mankhwala sizimutaya asidiyu mofanana ndi anthu. Mu 1987 Béla Melegh wa ku Pécs ku Hungary, pamodzi ndi Kerner ndi Bieber, anasonyeza kuti anthu omwa pivampicillin amataya pivaloylcarnitine wambiri mu mkodzo. Kenako mu 1989 kunabwera lipoti la ku Gothenburg, limene linasonyeza kuti kutayaku kukapitirira miyezi, nkhokwe ya m'minofu imatheratu. Lipotilo linanenanso kuti ngakhale mankhwala atamwedwa masiku ochepa, carnitine wa m'magazi ankakhalabe wotsika kwa masiku oposa 10 munthu atasiya kumwa.

Masamu ake ndi osavuta. Munthu wamkulu womwa pivmecillinam wa mamiligalamu 400 katatu patsiku akhoza kutaya carnitine wofika mamiligalamu pafupifupi 400 tsiku lililonse. Thupi lake limapanga wosapitirira mamiligalamu 20 patsiku, ndipo zakudya za munthu wodya nyama nthawi zambiri zimapereka wosakwana mamiligalamu 200. Akamwa mankhwalawo masiku atatu, amataya galamu imodzi ndi pang'ono pa magalamu 20 aja, ndipo thupi limabwezeretsa pang'onopang'ono. Koma akamwa miyezi ingapo, palibe chakudya chimene chingakwanitse kubweza zonse zotayikazo.

Gulu la ku Gothenburg linapitiriza kufufuza. Mu 1992 linafalitsa zotsatira zosonyeza kuti ena mwa ana amene anamwa mankhwalawa nthawi yaitali ankalephera kupanga ma ketone okwanira akakhala osadya. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, Kate Abrahamsson ndi anzake anayezanso mmene kuchepa kwa carnitine kumakhudzira mtima ndi mphamvu za minofu mwa ana ndi mwa akuluakulu odzipereka. Chifukwa cha kafukufuku ameneyu, madokotala a ana m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya anayamba kupewa kupereka mankhwalawa kwa miyezi monga njira yoteteza matenda, ndipo machenjezo analembedwa m'mapepala ofotokoza mankhwala.

Komabe panali mtsutso. Ambiri ankati kutsika kwa nambala m'magazi si matenda. Mu 2002 Eric Brass wa ku America analemba nkhani yaitali younikanso umboni wonse, ndipo anafika pa mfundo yakuti kwa munthu wathanzi womwa mankhwala masiku ochepa, kutaya carnitine kumakhala kochepa poyerekeza ndi nkhokwe ya thupi lonse, ngakhale magazi atasonyeza kutsika kwakukulu. Mfundoyi inali yoona kwa anthu ambiri, ndipo amayi mamiliyoni a ku Scandinavia amene amwa pivmecillinam kwa masiku atatu kapena asanu popanda vuto ndi umboni wake. Makampani nawo anali atayamba kusamala. Pamene adefovir dipivoxil, amene ali ndi zidutswa ziwiri za asidi wa pivalic, ankayesedwa pa anthu a HIV m'zaka za m'ma 1990, odwalawo ankapatsidwanso carnitine wowonjezera. Chimene chinali chisanaoneke bwino ndi zimene zimachitika kwa munthu amene nkhokwe yake ndi yaing'ono kuyambira pachiyambi.

Ana aang'ono a ku Japan

Ku Japan kachidutswa ka pivalic kanafala kuposa kwina kulikonse. Makampani a m'dzikolo anakalumikiza ku maantibayotiki a gulu la cephalosporin: cefteram pivoxil mu 1987, cefditoren pivoxil mu 1994 ndi cefcapene pivoxil mu 1997. Mu 2009 kunabweranso tebipenem pivoxil, wopangidwira ana. Mankhwalawa ankabwera ngati ufa wa timibulu tozuna, wosavuta kumwetsa mwana, ndipo ankaperekedwa kwambiri pa chimfine, zilonda zapakhosi ndi matenda a m'khutu.

Mwana wa chaka chimodzi ndi wosiyana kwambiri ndi mayi wamkulu wa ku Copenhagen. Minofu yake ndi yochepa, motero carnitine wosungidwa ndi wochepanso. Chiwindi chake sichinakhwime pa ntchito yopanga carnitine. Shuga wosungidwa amamuthera m'maola ochepa, ndipo akatentha thupi amakana kudya. Mu 2007 magazini ya Pediatrics inasindikiza nkhani ya Makino ndi anzake yonena za mnyamata wa miyezi 18 amene anamwa cefditoren pivoxil kwa miyezi 6 chifukwa cha matenda a m'khutu osamva mankhwala. Anafika naye kuchipatala akukomoka mobwerezabwereza, shuga ndi carnitine zili zotsika kwambiri. Malipoti ena ofanana anapitiriza kubwera kuchokera m'zipatala zosiyanasiyana.

Mu Epulo 2012 bungwe loyang'anira mankhwala m'dzikolo, la Pharmaceuticals and Medical Devices Agency, linatulutsa chenjezo. Linali litalandira malipoti 38, ambiri mwa iwo a ana a chaka chimodzi, ndipo ena mwa anawo anatsala ndi ulumali wa muubongo. Chenjezolo linatsindika mfundo zitatu zimene zinasintha kaganizidwe. Yoyamba inali yakuti vutoli silidikira miyezi, chifukwa panali mwana amene shuga anamutsikira tsiku lotsatira atangoyamba mankhwala. Yachiwiri inali yakuti kusintha kuchoka pa antibayotiki wina wa pivoxil kupita pa mnzake si kupumitsa thupi ayi, popeza onsewo ali ndi asidi yemweyo. Mwana ankatha kupatsidwa mankhwala a mayina atatu osiyana m'miyezi iwiri, dokotala aliyense akuganiza kuti wapereka a masiku ochepa chabe. Yachitatu inali yakuti mayi woyembekezera akamwa mankhwalawa, mwana akhoza kubadwa ndi carnitine wochepa.

Mu 2020 Tatebe ndi anzake anaunika zolembedwa za inshuwalansi za ana ambirimbiri ndipo anapeza kuti kutsika kwa shuga kunkachitika mochulukirapo pang'ono mwa ana opatsidwa maantibayotiki a pivoxil poyerekeza ndi opatsidwa ena, ngakhale pamene anamwa kwa masiku osapitirira 7. Chopweteka pa nkhani ya ku Japan n'chakuti ana ambiri ankalandira mankhwalawa pa matenda a mavairasi, amene safuna antibayotiki. Dongosolo la boma la 2016 lolimbana ndi kusamva mankhwala kwa tizilombo linaika cholinga chochepetsa ndi theka ma cephalosporin omwa, ndipo kuyambira mu 2018 zipatala za ana zinayamba kulandira ndalama yapadera dokotala akafotokozera makolo chifukwa chimene mwana wa chimfine sakufunikira antibayotiki.

Imfa zadzidzidzi pa zilumba za Faroe

Gulu lina la anthu a nkhokwe yaing'ono linadziwika mwa njira yomvetsa chisoni. Zilumba za Faroe zili m'nyanja ya Atlantic pakati pa Scotland, Norway ndi Iceland. Zili pansi pa ufumu wa Denmark ndipo kumakhala anthu pafupifupi 50,000, ambiri mwa iwo ochokera kwa makolo akale ochepa.

Pali matenda obadwa nawo amene amachititsa kuti impso zilephere kubweza carnitine m'magazi ndiponso kuti minofu ilephere kumukoka. Chimalakwika ndi puloteni yotchedwa OCTN2, ndipo jini yake, SLC22A5, inadziwika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Mwana amadwala akalandira jini yolakwika kuchokera kwa bambo ndi mayi omwe. M'mayiko ambiri matendawa ndi osowa. Ku Japan amagwira munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 40,000. Ku Faroe amagwira mmodzi mwa anthu pafupifupi 300, ndipo ambiri amakula, kukwatira ndi kugwira ntchito osadziwa kuti ali nawo.

Achinyamata angapo atamwalira mwadzidzidzi, akuluakulu a zaumoyo anayamba mu 2009 kuitana anthu onse a pa zilumbazi kuti ayezetse magazi, ndipo m'zaka ziwiri anthu oposa 26,000 anayezedwa. Jan Rasmussen wa chipatala chachikulu cha ku Tórshavn ndi anzake anabwerera ku mafailo a omwalirawo. Mu 2013 anafalitsa nkhani ya anthu 6 amene onse anali ndi jini yolakwika kuchokera kwa makolo onse awiri, ndipo onse anali atamwa maantibayotiki okhala ndi asidi wa pivalic vuto lisanayambe. Asanu anamwalira mwadzidzidzi, mmodzi anapulumuka mtima utaima kaye. Anayi anayamba ndi kusokonezeka mutu mtima usanayambe kugunda mosalongosoka, ndipo kupima mitembo kunasonyeza mafuta ochuluka m'chiwindi. Anthuwa ankakhala ndi carnitine wongokwanira kuti akhale moyo, ndipo mankhwala a matenda wamba anatenga wotsala yemweyo. Chikhalirecho matendawa ali ndi chithandizo chosavuta: kumwa L-carnitine tsiku lililonse moyo wonse.

Mantha a makolo a makanda

Asidi wa pivalic anasokonezanso ntchito ina. M'mayiko olemera khanda lililonse limatengedwa kadontho ka magazi pa chidendene kuti liyezedwe matenda obadwa nawo. Amodzi mwa matendawa ndi isovaleric acidaemia, amene amadziwika ndi kuchuluka kwa isovalerylcarnitine. Mwatsoka, pivaloylcarnitine amalemera chimodzimodzi ndi isovalerylcarnitine, moti makina wamba oyezera sasiyanitsa ziwirizi. Mu 1998 Abdenur ndi anzake ku Argentina anafotokoza za khanda limene linaoneka ngati lili ndi matendawa chonsecho chinali chifukwa cha antibayotiki. Dziko la England litayamba kuyeza matendawa mu 2015, ena mwa makanda amene anaitanidwa mwachangu kuchipatala anapezeka kuti alibe vuto, kungoti amayi awo anamwa pivmecillinam chakumapeto kwa mimba. Malabotale ambiri tsopano amayezanso kachiwiri ndi njira yosiyanitsa zinthu ziwirizi asanaimbire makolo.

Mankhwala akale abwereranso

Wina angaganize kuti mbiri yotereyi inathetsa mankhwalawa, koma sizinatero. Pamene mabakiteriya a E. coli akupitiriza kusamva cotrimoxazole, amoxicillin ndi ciprofloxacin, mecillinam akugwirabe ntchito pa mitundu yambiri, ngakhale patapita zaka zoposa 40. Bungwe la World Health Organization linaika pivmecillinam m'gulu la Access, la maantibayotiki oyenera kuyambira. Malangizo a bungweli a 2005 okhudza kamwazi wa Shigella anamutchulanso monga mankhwala achiwiri ciprofloxacin akalephera, potsatira kafukufuku amene anachitika pa ana ku Dhaka ku Bangladesh. Mu Epulo 2024 bungwe la Food and Drug Administration la ku America linavomereza pivmecillinam koyamba m'dzikolo, pa matenda a chikhodzodzo a amayi akuluakulu, ndipo linaletsa kuwapereka kwa anthu a matenda obadwa nawo osowetsa carnitine. Chenjezo limene linatenga zaka zambiri kuti lipezeke tsopano limalembedwa mankhwala asanafike pa shelefu.

Kwa ogwira ntchito zaumoyo kuno kumwera kwa Africa, chinthu choyamba ndi kudziwa mankhwala amene nkhaniyi ikuwakhudza. Amoxicillin, benzylpenicillin, cotrimoxazole, ceftriaxone, gentamicin, doxycycline ndi metronidazole alibe asidi wa pivalic, ndipo palibe chifukwa chowaopera pa nkhani imeneyi. Cefuroxime axetil ndi cefpodoxime proxetil nawo ali ndi zidutswa za mtundu wina. Oyenera kuwazindikira ndi amene dzina lawo limayamba ndi "piv" kapena kutha ndi "pivoxil". Pamene kusamva mankhwala kukukula, mayiko ambiri adzafuna mankhwala omwa a mtundu umenewu, ndipo ena amafika kale m'manja mwa odwala kudzera m'mafamase kapena kwa achibale okhala kunja.

Chachiwiri ndi kudziwa amene ali ndi nkhokwe yaing'ono. Mbiri yatchula makanda ndi ana aang'ono, omwa mankhwala nthawi yaitali kapena mobwerezabwereza, ndi a matenda obadwa nawo. Palinso magulu awiri ofunika kwambiri kuno. Loyamba ndi la ana onyentchera. Chimanga chili ndi carnitine wochepa zedi ndiponso lysine wochepa, ndipo mwana wowonda alibe minofu yosungiramo. Mwana wa kamwazi amene sakudya ndi chitsanzo chenicheni cha thupi limene likudalira mafuta kuti likhale moyo. Lachiwiri ndi la odwala khunyu amene akumwa sodium valproate. Zinadziwika kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kuti valproate payekha amachepetsa carnitine, ndipo opanga pivmecillinam amachenjeza kuti mankhwala awiriwa asamwedwe pamodzi, chifukwa ammonia akhoza kukwera mpaka wodwala kusokonezeka mutu.

Chachitatu ndi chochita mwana akafika ali lefu, akugona mopitirira muyeso kapena akukomoka. Chithandizo choyamba sichisintha kaya chayambitsa n'chiyani: kuyeza shuga mwamsanga, ndipo akakhala pansi pa 2.5 mmol/L, kapena pansi pa 3 mmol/L mwa mwana wonyentchera kwambiri, kupereka glucose motsatira malangizo, kenako kudyetsa pafupipafupi. Malungo, matenda a m'magazi ndi kunyentchera ndi zimene zimayambitsa kutsika kwa shuga kwa ana ambiri kuno, ndipo ziyenera kufufuzidwa poyamba. Koma pa mafunso ofunsa mayi kapena womulera payenera kukhalanso awa: mwana wamwa mankhwala anji m'miyezi iwiri yapitayi, kwa masiku angati, ndipo anachokera kuti? Botolo kapena pepala la mankhwala likabwera nalo, dzina lonse liwerengedwe mpaka kumapeto. Likapezeka la mtundu wa pivoxil, mankhwalawo asiyidwe, mwana asakhale ndi njala, ndipo atumizidwe kumene angathe kumuyeza mokwanira ndi kumupatsa L-carnitine. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka a m'midzi, amene amalowa m'makomo n'kuona mabotolo amene ali pa windo, nthawi zambiri ndi amene angayankhe mafunsowa kuposa failo ya kuchipatala.

Mbali yaikulu ya mbiriyi sinadziwike pa nthawi yoyesa mankhwala asanayambe kugulitsidwa. Ku Gothenburg kunali madokotala amene anaganiza zoyeza magazi a ana ooneka athanzi. Ku Japan kunali malipoti 38 olembedwa limodzilimodzi m'zipatala zotalikirana, amene palokha lililonse likanangooneka ngati tsoka la banja limodzi. Ku Tórshavn kunali ofufuza amene anatsegulanso mafailo a omwalira n'kuwerenga mndandanda wa mankhwala amene anamwa. Ku Malawi malipoti a zovuta zobwera ndi mankhwala amapita ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo wolemba fomu safunika kukhala ndi umboni wonse wakuti mankhwalawo ndiwo achititsa. Kukayikira kokha n'kokwanira kuti fomuyo idzazidwe.